Mafunso a "Kodi Mungatani Ngati...?" pa Intavyu: Kabuku Kothandiza Banja Kukonzekeretsa Wofunafuna Ntchito

Cholinga cha kabukuka

Munthu akaitanidwa ku intavyu, yomwe ndi mayeso apakamwa amene olemba ntchito amachititsa pofuna kusankha mmodzi pakati pa opempha ntchito ambiri, banja lake kawirikawiri limathandiza pa zinthu zooneka, monga ndalama yoyendera, zovala zosita bwino ndi kusonkhanitsa masatifiketi, koma zimene munthuyo akayankhe limazisiya m'manja mwake. Komabe pali mtundu wina wa mafunso umene mayankho ake sangakonzedwe bwino ndi munthu mmodzi payekha, chifukwa nkhani zake zimakhudza banja lonse. Awa ndi mafunso ongoyerekeza, amene wofunsa amapereka vuto limene silinachitike koma lingathe kuchitika pantchitopo, kenako n'kufunsa kuti, "Kodi inuyo mungatani?" Ambiri mwa mafunsowa amayesa khalidwe la munthu pantchito, kutanthauza kusunga nthawi, kukhulupirika pa ndalama ndi katundu, kuvomera kulakwa, ndiponso kugwira ntchito mofanana kaya bwana alipo kapena palibe.

Kabuku kano kalembedwera mabanja amene muli achinyamata omaliza Fomu 4, omaliza maphunziro a ntchito zamanja a pansi pa TEVETA, omaliza ku koleji, ngakhalenso akuluakulu ofuna kusintha ntchito. Mfundo yake yaikulu ndi yakuti yankho la funso longoyerekeza ndi lonjezo limene wolembedwa ntchito adzayenera kulikwaniritsa, ndipo lonjezo lokhudza maliro, matenda ndi zopempha za achibale limasungika pokhapokha ngati a pabanja analimva ndi kulivomereza.

1. Kumene mafunsowa anachokera ndi mmene amachongedwera

M'chaka cha 1980, katswiri wa za khalidwe la anthu pantchito, Gary Latham, pamodzi ndi anzake atatu anasindikiza zotsatira za kafukufuku amene anachita pakati pa ogwira ntchito yocheka matabwa ku United States. Iwo anayamba ndi kusonkhanitsa zochitika zenizeni zosonyeza kugwira ntchito bwino kapena moipa, kenako anasandutsa chochitika chilichonse kukhala funso, ndipo funso lililonse analikonzera mayankho achitsanzo, lofooka, lapakati ndi labwino, pamodzi ndi malikisi ake. Maganizo awo anali akuti zimene munthu amanena kuti adzachita zimaulula zolinga zake, ndipo zolingazo ndi zimene zimatsogolera zochita. Limodzi mwa mafunso awo linkakhudza wantchito amene a m'banja lake adwala chimfine pamene nthawi yolowa ntchito yayandikira, ndipo zimenezi zikusonyeza kuti kulimbana kwa udindo wa kuntchito ndi wa kunyumba kwakhala mbali ya njirayi kuyambira kale. Mu 1982, katswiri wina, Tom Janz, anafotokoza njira ina imene wofunsa sapeka vuto koma amapempha munthu kufotokoza vuto lenileni limene anakumana nalo m'mbuyomu ndi mmene analithetsera, ndipo masiku ano njira ziwirizi zimagwiritsidwa ntchito limodzi pa intavyu imodzi.

Mbiri imeneyi ili ndi phunziro kwa wokonzekera. Kumene intavyu yakonzedwa mwadongosolo, ofunsa amakhala angapo, aliyense ali ndi pepala lolembapo malikisi, ndipo onse oitanidwa amafunsidwa mafunso ofanana kuti mayankho awo ayerekezedwe. Chifukwa cha zimenezi, mawu otamanda khalidwe, monga kunena kuti munthuyo ndi wolimbikira, womvera ndiponso woopa Mulungu, sawonjezera malikisi, pakuti pafupifupi aliyense wolowa m'chipindacho amanena zomwezo. Chimene ofunsa amadikira kumva ndi zochita zenizeni: chimene munthuyo angayambe kuchita, munthu amene angamudziwitse, nthawi imene angamudziwitse, ndi chifukwa chake.

2. Mbali zinayi za yankho lokwanira

Mafunso ongoyerekeza amasiyana mawu koma ambiri amamangidwa mofanana, pakuti amaika zinthu ziwiri zabwino pamalo pamene munthu sangazikwaniritse zonse nthawi imodzi, monga kumvera bwana ndi kunena zoona, kapena kuthandiza m'bale ndi kuteteza katundu wa kampani. Yankho lokwanira limakhala ndi mbali zinayi, ndipo wofunafuna ntchito akazigwira bwino angathe kuyankha ngakhale funso limene sanalimvepo.

Mbali yoyamba ndi kutchula zimene zikulimbana, zomwe zimasonyeza ofunsa kuti munthuyo waona pamene pagona vuto ndipo sakupeputsa mbali iliyonse. Mbali yachiwiri ndi kudziwitsa woyenera kudziwa, yemwe nthawi zambiri amakhala kapitawo kapena bwana woyang'anira munthuyo, ndipo kudziwitsako kuchitike msanga, zinthu zisanaonongeke. Mbali yachitatu ndi kuchita zimene zili m'manja mwa wantchitoyo, monga kusiyira mnzake ntchito momveka bwino, kukana kusaina pepala lokayikitsa, kapena kubweza zimene zasowa. Mbali yachinayi ndi kunena chimene angachite kuti vutolo lisabwerezenso.

Yankho lotere limalimba kwambiri likatsatiridwa ndi chitsanzo chachifupi cha zimene munthuyo anachitapo. Wachinyamata amene sanalembedwepo ntchito asaganize kuti alibe chitsanzo, chifukwa kusunga ndalama za gulu la banki mkhonde kapena la achinyamata a kutchalitchi kapena kumzikiti, kugulitsa pa okala ya makolo, kugwira ganyu mpaka kumaliza ndime imene anagwirizana, ndi kukhala mtsogoleri wa kalasi, zonsezi ndi maudindo amene amayesa kukhulupirika. Chofunika n'chakuti chitsanzocho chikhale choona, pakuti ofunsa odziwa ntchito yawo amafunsa mafunso otsatira, ndipo nkhani yopeka siichedwa kusemphana.

3. Mafunso ofala ndi mmene angaganiziridwe

Maliro kapena matenda pa tsiku lofunika. Funso likhoza kukhala lakuti uthenga wa maliro wafika m'mawa wa tsiku limene wantchito ayenera kupereka lipoti kapena kutsegula sitolo yekha. Ili ndi funso lolemera m'Malawi muno, kumene kusapezeka pamaliro kumatengedwa monga kukana abale ndi anansi. Mayankho ofooka ndi awiri. Loyamba ndi lakuti munthuyo angangonyamuka chifukwa maliro sadikira, ndipo lachiwiri ndi lakuti sangapite ngakhale womwalirayo atakhala kholo lake, yankho limene ofunsa ambiri salikhulupirira ndipo limawapangitsa kukayika mayankho ena onse. Yankho lanzeru limasiyanitsa maliro malinga ndi ubale. Ngati wamwalira ndi kholo, mwana, mwamuna kapena mkazi wake, wantchito aimbire bwana wake foni iye mwini osati kutuma mnzake, afotokoze pamene ntchito yafika ndi amene angaipitirize, apemphe chilolezo motsatira malamulo a pamalopo, ndipo anene tsiku lobwerera n'kulisunga. Ngati wamwalira ndi mnansi kapena wachibale wapatali, wantchito angathe kugwira ntchito masana, n'kukagona pasiwa madzulo, kapena kutumiza chipepeso kudzera mwa wina wa pabanja amene akaimire nyumba yonse. Lamulo la za ntchito la 2000 limalola wolemba ntchito kuchotsa munthu popanda notisi ngati wajomba popanda chilolezo kapena chifukwa chomveka, choncho kudziwitsa msanga kumateteza ntchito ya munthuyo. Pa matenda a wantchito mwiniyo, lamulo lomweli limapereka, kwa amene watha miyezi 12 pantchito, masabata osachepera 4 pa malipiro athunthu ndi masabata 8 pa theka la malipiro pachaka, malinga ngati pali kalata ya dokotala.

Wachibale wopempha kukonderedwa. Wofunsa anganene kuti amalume a wantchito afika pasitolo ndipo akupempha shuga ndi mafuta ophikira pangongole, kapena kuti azakhali akufuna kudumpha mzere pachipatala, kapena kuti msuweni akupempha wogwira ntchito pa malo otumizira ndalama za pafoni kuti amutumizire ndalama zimene adzabweza mawa. Phata la yankho ndi lakuti katunduyo ndi ndalamazo si za wantchito, choncho alibe mphamvu yozipereka, ngakhale kwa munthu amene anamulipirira sukulu. Iye angathe kukana mwaulemu, kutumiza wachibaleyo kwa bwana ngati pamalopo pali dongosolo la ngongole, kapena kuthandiza ndi ndalama za m'thumba mwake. Ngati wachibale ali m'gulu la opikisana kuti agulitse katundu ku kampaniyo kapena kuti alembedwe ntchito, wantchito aulule ubalewo kwa akuluakulu ndi kupempha kuti asakhale nawo pa chisankhocho, chifukwa ngakhale atasankha mwachilungamo, ubale wobisika ukadziwika umadetsa chisankho chonse.

Bwana wolamula zolakwika. Funso lovuta kuposa onse limakhala lakuti bwana walamula kalaliki kusaina kuti katundu wafika pamene sanafike, kapena kulemba maina a anthu amene sanabwere ku msonkhano kuti alandire alawansi. Ambiri amaopa kuti akanena kuti angakane, ofunsa awaona monga anthu amwano. Koma lamulo la za ntchito limatchula kusamvera dala malamulo ovomerezeka monga chifukwa chochotsera munthu, ndipo kulamula wina kulemba zabodza si lamulo lovomerezeka. Yankho labwino limayamba modekha: wantchito afunse kaye kuti amvetse, popeza mwina pali zina zimene sakuzidziwa, kenako afotokoze mwaulemu kuti sangasaine chinthu chimene sanachione, apemphe kuti malangizowo alembedwe, ndipo bwanayo akaumirira, nkhaniyo ipite kwa wamkulu wina kapena kwa ofufuza za kayendetsedwe ka ndalama. Nkhani ya Cashgate, imene inaululika mu 2013 pamene ndalama zambiri za boma zinalipidwa pa katundu ndi ntchito zimene sizinaperekedwe, inaonetsa kuti milandu yotere imagweranso antchito a maudindo aang'ono osati akuluakulu okha. Lamulo lothana ndi ziphuphu la 1995, limene linakhazikitsa bungwe la Anti-Corruption Bureau, limakhudza ogwira ntchito m'boma ndi m'makampani omwe, ndipo limalamula wogwira ntchito m'boma amene walonjezedwa kapena kupatsidwa chiphuphu kukanena kupolisi kapena ku bungweli pasanathe maola 48.

Mnzake wochita zosayenera. Pano ofunsa amafuna kuona ngati munthu amatha kusiyanitsa cholakwa chaching'ono ndi chachikulu. Mnzake amene wayamba kufika mochedwa angathe kulankhulidwa kaye pa awiri, chifukwa mwina ali ndi vuto limene bwana angamuthandize, koma pempho lakuti amusainire m'kaundula wa ofika pantchito liyenera kukanidwa nthawi yomweyo, pakuti wosainira mnzake walemba bodza ndi dzanja lake. Kupopa mafuta m'galimoto ya kampani, kutulutsa mankhwala m'chipatala kapena kubera makasitomala pa sikelo ndi nkhani zimene siziyenera kuthera pa awiri, ndipo wantchito anene kwa bwana zimene waona ndi maso ake zokha, osawonjezera mphekesera.

Kulakwitsa kwa wantchito mwini. Funso lingakhale lakuti powerengera ndalama madzulo zapezeka zoperewera, kapena kuti wantchito watumiza katundu kolakwika ndipo palibe amene wazindikira. Yankho limene limasonyeza kukhwima ndi lakuti angawerengenso mosamala, adziwitse bwana tsiku lomwelo, afotokoze mmene zinachitikira popanda kukankhira wina, ndipo anene njira yokonzera. Kubisa cholakwa n'kumayembekeza kudzachikonza mwakachetechete kumasandutsa vuto la kusasamala kukhala vuto la kusakhulupirika, lomwe ndi lalikulu kwambiri pamaso pa wolemba ntchito aliyense.

4. Malire a kudzipereka pantchito

Chifukwa cha kusowa kwa ntchito, ofunafuna ntchito ambiri amavomera chilichonse pa intavyu, mpaka kulonjeza kugwira ntchito usana ndi usiku popanda kupuma. Funso lonena za ntchito yopitirira nthawi, monga lakuti kasitomala wafika nthawi yoweruka itakwana kapena kuti lipoti likufunika Lolemba pamene lero ndi Lachisanu madzulo, lingayankhidwe moona mtima ponena kuti munthuyo ndi wokonzeka kutsalira pamene ntchito yafunikadi, ndipo kuti zikamachitika kawirikawiri angakambirane ndi bwana za kagawidwe ka ntchito. Lamulo la za ntchito la 2000 limaika maola 48 pasabata monga malire a nthawi yokhazikika yogwirira ntchito, limafuna kuti wantchito apume maola 24 otsatizana akagwira masiku 6 otsatizana, ndipo limati ovataimu ya tsiku wamba ilipidwe malipiro a ola limodzi ndi theka pa ola lililonse, pamene ya tsiku lopuma kapena la holide ilipidwe kuwirikiza kawiri. Si bwino kuyamba kuwerengera ofunsa malamulowa, koma kuwadziwa kumathandiza munthu kuti asalonjeze zimene thupi lake ndi banja lake sizingakwanitse.

Palinso zinthu zimene sizili mbali ya mayeso a khalidwe ngakhale zitabwera ngati funso longoyerekeza. Kupemphedwa ndalama kuti dzina lidutse ndi chiphuphu kapena chinyengo, ndipo banja lisagulitse mbuzi kapena chimanga chifukwa cha pempho lotere. Funso kapena mawu osonyeza kuti ntchito ipezeka ngati mtsikana kapena mnyamata avomera kugonana ndi wina ndi nkhanza zimene lamulo la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi limaziletsa ndi kuziika kukhala mlandu. Makolo anene momveka bwino kwa mwana wawo, tsiku la intavyu lisanafike, kuti sadzamudzudzula akataya mwayi wa ntchito chifukwa chokana zoterezi.

5. Ntchito ya banja pokonzekera

Kukonzekera kuyambe ndi kuwerenga limodzi chidziwitso cha ntchitoyo ndi kufunsa kuti ndi zinthu ziti zimene wolemba ntchito akaike m'manja mwa munthuyo. Wogulitsa m'sitolo amapatsidwa ndalama ndi katundu, mlonda amapatsidwa geti ndi usiku wonse, dalaivala amapatsidwa galimoto, mafuta ndi miyoyo ya anthu, namwino amapatsidwa mankhwala ndi zinsinsi za odwala, ndipo mphunzitsi amapatsidwa ana ndi malikisi awo. Mafunso ongoyerekeza amachokera pa zinthu zimenezi, choncho banja lingathe kupeka mafunso asanu kapena asanu ndi limodzi ogwirizana ndi ntchitoyo. Ngati pafupi pali munthu amene anagwirapo ntchito yofanana, kaya anapuma kapena akugwirabe, apemphedwe kutchula mavuto amene amachitikadi.

Pambuyo pake pachitike intavyu yoyeserera, imene anthu awiri kapena atatu amakhala mbali imodzi monga ofunsa, wofunafuna ntchito n'kukhala moyang'anizana nawo. Mmodzi afunse funso, wina amvetsere ngati mbali zinayi zija zamveka, ndipo wachitatu, ngati alipo, afunse funso lotsatira lolimbitsa vutolo, monga lakuti, "Nanga bwanayo akakuuzani kuti mukakana ntchito yatha, mungatani?" Yankho lililonse lisapitirire mphindi ziwiri. Popeza ma intavyu ambiri a m'maofesi amachitika m'Chingerezi, ndi bwino kuti mfundo ziyambe zakambidwa m'chinenero cha pakhomo mpaka zitamveka, kenako ziyeseredwe m'Chingerezi chosavuta, osati kuloweza ziganizo, chifukwa woloweza amasokonezeka funso likangosintha pang'ono.

Gawo lofunika kwambiri ndi kugwirizana pa zimene banja lidzachite ntchito ikapezeka. Akuluakulu a pabanja akambirane kuti ndani adzaimire nyumbayo pa maliro a anansi pa masiku a ntchito, ndani adzaperekeze mwana kuchipatala ngati matenda si aakulu, ndiponso ndani adzauze achibale kuti katundu wa kuntchito sapemphedwa. Nkhani yomalizayi imayenda bwino ikanenedwa ndi kholo kapena amalume, chifukwa wachinyamata amavutika kukaniza wamkulu amene mwambo umamulamula kumulemekeza, koma kukana kumapepuka ngati wamkulu mnzake ananeneratu. Banja limene lakambirana zimenezi limapatsa wofunafuna ntchito mayankho amene angawanene mosakayika, pakuti akudziwa kuti kunyumba aliyense adzawatsatira.

6. M'chipinda cha intavyu ndi pambuyo pake

Funso losayembekezeka likabwera, wofunsidwa ali ndi ufulu wokhala chete kwa kamphindi kuti aganize, ndiponso wopempha mwaulemu kuti funsolo libwerezedwe kapena kuti mbali ina ifotokozedwe, pakuti akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ngati sakudziwa malamulo a pamalopo pa nkhani yofunsidwayo, anene kuti angayambe wafufuza zimene malamulo a kampani akunena, kenako afotokoze zimene iye akuona kuti n'zoyenera. Apewe kunyoza amene anamulembapo ntchito, ngakhale atakhala kuti anamulakwira, ndipo asadzitame ndi luso limene alibe, chifukwa lamulo la za ntchito limalolanso kuchotsa munthu popanda notisi ngati wapezeka kuti alibe luso limene ananena kuti ali nalo.

Akabwerako, alembe mafunso onse amene akuwakumbukira pamodzi ndi mmene anayankhira, ndipo banja liwaonenso mofatsa kuti lione mbali imene inasowa. Ngati ntchito sinapezeke, pepalalo lidzathandiza pa intavyu yotsatira ndiponso kwa achimwene ndi achemwali amene akubwera m'mbuyo. Ngati yapezeka, wantchito waluso angathe kuikidwa pa nthawi yoyesedwa, imene lamulo limati isapitirire miyezi 12 ndipo mkati mwake mbali iliyonse ingathetse mgwirizano popanda notisi. M'miyezi imeneyi ndi mmene uthenga wa maliro umafikadi, wachibale amabweradi pakauntala, ndipo bwana amayerekeza zimene anamva pa intavyu ndi zimene akuona, choncho mgwirizano umene banja linapanga uyenera kukumbutsidwa kwa onse m'sabata yoyamba ya ntchito, vuto loyamba lisanafike.